Tisachedwe kuyamika anthu amene amagwira ntchito mwaluso

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za khalidwe limene ndakhala ndikuliona kuyambira pamene ndinkaphunzitsa m'sukulu za pulayimale mpaka lero pamene ndinapuma ntchito. Munthu akayamba kuchita chinthu mosamala kuposa mmene anthu anazolowerera, timayamba ndi kumuseka, akayamba kupambana timamukayikira, ndipo timadzamuombera m'manja mochedwa, nthawi zambiri anthu a kunja atamutchula kale dzina, kapena iye ali m'bokosi ife titaima pa manda. Ndikuona kuti kuchedwa kumeneku kukutitayitsa zambiri, ndipo amene akuluza kwambiri ndi ana amene amaonerera zonsezi ali chete.

Ndiyambe ndi munthu amene dzina lake silinalembedwepo m'nyuzipepala iliyonse. Pa malo a malonda a kwathu kuno panali kalipentala wina wachikulire, amene tsopano anatisiya, yemwe anthu ambiri ankamudandaula kuti amachedwa ndi ntchito. Chitseko chimene anzake ankamaliza masiku awiri, iye chinkamutengera sabata yathunthu, mwinanso kupitirira. Nditamanga nyumba yanga ndinamupititsira matabwa a mlombwa amene ndinagula modula, ndipo ndinkayembekezera kuti ayamba ntchito tsiku lomwelo. Iye anatenga thabwa limodzi, analigogoda ndi chala n'kutchera khutu, analinunkhiza, kenaka analiimika pa mthunzi n'kundiuza kuti, "Aphunzitsi, thabwa ili likadali laliwisi. Ndikalikhoma lero, dzuwa la Okutobala likadzafika lidzapindika, ndipo mudzatukwana ine osati mtengo." Ndinabwerera kunyumba nditakwiya, chifukwa pakhomo panga panali potseka ndi mphasa, ndipo akazi anga ankandifunsa tsiku ndi tsiku kuti chitseko chibwera liti. Matabwa aja atauma ndinkapita kukamuona akugwira ntchito. Polumikiza matabwa sankadalira misomali, koma ankaboola thabwa lina n'kusema linzake kuti lilowemo bwinobwino, ndipo akalumikiza ankanyamula n'kuyang'ana cha kudzuwa. Tsiku lina ndinamuona akumasula polumikiza pamene ine ndinkati pali bwino, chifukwa chakuti kuwala kunkadutsa pa kampata kamene ngakhale tsitsi silikanalowa. Nditamufunsa kuti ndani adzaone kampata kotere, anangoyankha kuti iye wakaona kale.

Chitseko chimenecho chikadalipo, ndipo chimatsekeka ndi chala chimodzi m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, pamene mafelemu a mawindo amene ndinapatsa mmisiri wina wachangu ndawasintha kawiri. Koma chimene chandichititsa kulemba kalatayi ndi zimene zinachitika pa maliro a mkuluyu. Oyankhula anatchula ana ake ndi zidzukulu zake, anatchula udindo wake ku mpingo, anathokoza amene anathandiza pa matenda, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti tikuika m'manda mmisiri amene dera lathu silinakhalepo naye wina wofanana naye. Ngakhale ine, amene ndinali ndi umboni pakhomo panga, ndinangokhala chete. Anyamata amene ankabwera kudzaphunzira ntchito kwa iye sankakhalitsa, ankathawira kwa amisiri ofulumira kumene ndalama inkaoneka msanga, ndipo sindingawadzudzule, pakuti sanamvepo munthu wamkulu aliyense akunena pagulu kuti ntchito ya mkulu uja ndiyo yoyenera kutsanzira. Luso lake linapita naye, ndipo lero tikugula mipando yopaka vanishi wonyezimira imene imayamba kugwedera mwezi usanathe, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pa zaka zimene ndinakhala m'kalasi ndinaphunzira kuti ana samvera kwambiri zimene timawalangiza, koma amayang'anitsitsa amene tikumuimirira akalowa, amene tikumupatsa mpando wa kutsogolo, ndi amene tikumutchula ndi ulemu iye palibe. Pamenepo m'pamene amaphunzira muyezo wa ntchito yabwino. Ngati pa msonkhano wa m'mudzi mpando wa ulemu ukupita kwa munthu amene walemera mwadzidzidzi popanda womufunsa kumene chuma chachokera, pamene mlimi amene wakhala akusamala nthaka yake zaka makumi awiri akukhala pansi kumbuyo, mwana safunika kuuzidwa chimene dziko lake limalemekeza. N'chifukwa chake ndikunena kuti kuyamika katswiri ndi ntchito yophunzitsa, yofunika ngati bolodi ndi choko.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ambiri timaidziwa, koma timakonda kufotokoza mathero ake okha. Mnyamatayu anasiya sukulu ya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake analibe ndalama ya fizi. M'malo mongokhala, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale, kumene anaona m'buku zithunzi za makina opanga magetsi pogwiritsa ntchito mphepo, ndipo ngakhale Chingerezi cha m'bukumo chinkamuvuta, anatsatira zithunzizo. Anatola zitsulo zotayidwa, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakale ya bambo ake ndi dainamo, anaimika mitengo ya bulugamu, ndipo ali ndi zaka 14 anayatsa babu pakhomo pa makolo ake. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti pamene ankafukula m'zinyalala anthu ankati wachita misala, ena n'kumati akusuta chamba. Chimene ine ndimachiona m'nkhaniyi n'chakuti kuchokera 2002, pamene makina aja anazungulira koyamba, panadutsa zaka zinayi mnyamatayu akadali pamudzi osabwerera ku sukulu, makina ali poonekera kwa aliyense wodutsa. Zinthu zinasintha mu 2006 atolankhani a m'dziko muno atapita kukaona ndi kulemba nkhani yake. Chaka chotsatira anaitanidwa ku msonkhano wa TED, kumene anthu a m'maiko osiyanasiyana amakafotokoza nzeru zawo zatsopano, ku Arusha, m'dziko la Tanzania, kenaka anapeza omulipirira sukulu, anakaphunzira ku Johannesburg, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro pa Dartmouth College ku America. Luso lake mu 2006 linali lomwe lija la 2002, ndipo chimene chinaonjezekera n'chakuti panapezeka anthu amene analiona n'kulitchula pagulu. Akonzi, imeneyi ndi mphamvu imene ili m'manja mwanu, ndipo ndimadzifunsa kuti ndi ana angati a mtundu womwewo amene zaka zawo zinayi zinasanduka moyo wonse chifukwa mtolankhani sanafike.

Pa masewera ndiye zikuonekeratu. Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a m'boma la Rumphi, anakula m'nthawi imene mtsikana wothamangitsa mpira wa miyendo ankaonedwa ngati wosokonekera. Tabitha anapita ku Sweden mu 2014, anasewera ku China, ndipo mu nyengo ya 2022 mpaka 2023 anatsogola pa omwetsa zigoli mu ligi ya ku Italy ndi zigoli 23 ali ku Inter Milan, chaka chotsatira n'kuchitanso chimodzimodzi mu ligi ya ku France ali ku Paris Saint-Germain. Mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli 20 mu 2024 ali ku Kansas City Current, chiwerengero chimene panalibe anachifikapo mu ligi ya amayi ya ku America, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse chaka chimenecho. Mu 2023 timu ya Scorchers inagonjetsa Zambia 2-1 n'kutenga chikho cha COSAFA koyamba. Lero aliyense amati "ana athu", ndipo n'zoona ndi athu, koma tidzifunse kuti ndi angati mwa ife amene tinapitapo kukaonera mpira wa atsikana pa bwalo la fumbi la pafupi ndi kwathu mayina amenewa asanamveke pa wailesi za kunja. Ine sindinapiteko, ndipo ndikukumbukira kuti pa sukulu imene ndinkaphunzitsa mpira wachikopa tinkapatsa anyamata, atsikana n'kumangoimba nyimbo m'mbali mwa bwalo.

Mpira wa manja unatipatsa ulemu kale kwambiri kuposa pamenepa. Mary Waya ndi anzake anafikitsa Queens pa nambala 5 pa dziko lonse mu 2007 ku Auckland. Mu 2015 ku Sydney, Mwai Kumwenda wa ku Mzimba anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisano wonse wa dziko lapansi, ngakhale kuti timu yake sinatenge chikho, zimene zikusonyeza kuti oweruza anaona luso lenileni. Mu 2018, pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast, Queens inagonjetsa New Zealand 57-53, dziko limene osewera ake amakonzekera m'nyumba zamakono. Nthawi yonseyi atsikana athu kawirikawiri ankakonzekera pa mabwalo a panja, padzuwa ndi pamvula. Nyumba ya masewera ya m'kati ya ku Lilongwe inadzamangidwa pokonzekera masewera a achinyamata a m'chigawo chino a 2022, ndipo inatchedwa dzina la malemu Griffin Saenda, mphunzitsi wa Queens. Ulemu umenewu ndi woyenera, koma mwini wake sanauone, ndipo sanaphunzitsiremo mtsikana ngakhale mmodzi. Kuyamika koona kumafika m'thumba ndi pa bajeti munthu akadali ndi mphamvu, chifukwa nthungululu za pa bwalo la ndege sizigula nsapato.

Ndikudziwa zimene ena anganditsutse nazo, ndipo sindikuzipeputsa. Akuluakulu athu ankaopa kuti mwana woyamikiridwa kwambiri amayamba matama, ndipo chikhalidwe chathu chimakonda munthu wodzichepetsa amene sadzipatula pa anzake. M'menemo muli nzeru, pakuti tonse tinaonapo munthu amene atangopambana pang'ono anaiwala njira ya kwawo. Koma mantha amenewa tawapititsa patali mpaka asanduka chobisalira cha nsanje. Mwana akamawerenga anzake akusewera timati akudzimva. Wantchito akamafika nthawi yake ndi kumaliza ntchito yake timati akufuna aoneke wabwino kwa abwana. Mlimi akadzaza nkhokwe chaka chimene anzake akolola pang'ono, sitifunsa kuti anabzala liti, anathira manyowa otani, anapalira kangati, koma timanong'onezana kuti ali ndi mankhwala okokera chimanga cha anzake. Mawu otere amavulaza munthu amene akunenedwayo, ndipo amatsekanso njira yoti ena aphunzire, chifukwa ukangonena kuti mnzako wakhwima, wadzimasula pa udindo womufunsa mmene amachitira. Sizinangochitika kuti nyimbo ya fuko lathu inaika nsanje pamodzi ndi njala ndi nthenda pa mndandanda wa adani. Awiri oyambawo tili ndi maunduna olimbana nawo, koma wachitatuyu timamuimba Lolemba m'mawa pa mzere wa sukulu n'kupita naye kunyumba. Makolo omwewo amene ankaopa matama ndi amenenso anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Pano ndiyenera kuvomera cholakwa changa ndi cha aphunzitsi anzanga a nthawi imeneyo. Tsiku lotsekera sukulu tinkasonkhanitsa ana ndi makolo pansi pa mtengo n'kuwerenga zotsatira kuyambira nambala wani mpaka wotsiriza. Oyambirira ankalandira makope ndi mapensulo, ndipo zimenezo zinali zabwino, koma tikafika kumunsi tinkalola ana kukuwiza anzawo olephera mpaka ena ankathawa akulira, ndipo ena mwa iwo sankabweranso teremu yotsatira. Tinkaganiza kuti tikulimbikitsa khama, pamene kwenikweni tinkaphunzitsa ana kuti kupambana kwa wina ndi manyazi a mnzake, ndipo mwana wochititsidwa manyazi ndiye amakula n'kudzadana ndi aliyense wochita bwino. Ndikanakhala ndikuphunzitsa lero, ndikanaitana kutsogolo mwana wa nambala wani, koma ndikanaitananso mwana amene wachoka pa nambala 60 kufika pa 30, komanso mtsikana amene sanajombe tsiku ndi limodzi lomwe ngakhale amayenda mtunda wautali atatunga kale madzi. Ndikanafunsanso wopambanayo kuti auze anzake mmene amawerengera, kuti mphotho yake isanduke phunziro la onse.

Mfundo imeneyi ndi yofunika chifukwa pali kusiyana pakati pa kuyamika luso ndi kupembedza zotsatira. Tikamangofunsa kuti mwana wapeza mapointi angati pa mayeso a MSCE, osafuna kudziwa mmene wawapezera, tisadabwe likasa likamagulitsidwa ngati mandasi. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali m'kati chifukwa mapepala anali atawululika, ndipo ana anayenera kulembanso kumayambiriro kwa 2021, kuphatikizapo ana osalakwa amene anakonzekera moona mtima zaka zinayi. Wogula pepala ndi wogulitsa onse anakulira m'dziko limene limaombera m'manja satifiketi, osati nzeru. Mapointi 6 opezedwa ndi thukuta ndi oyenera kuvinidwa mudzi wonse, koma mapointi omwewo ogulidwa amadzatipatsa namwino amene sadziwa kuyeza mankhwala ndi injiniya amene mlatho wake umapita ndi madzi a mvula yoyamba. Choncho pamene tikuyamika, tiyamike poyera njira imene munthu wadutsa, maola amene anathera pa ntchito, ndi zinthu zimene anakana kuchita mwachidule, monga mmene kalipentala uja anakanira thabwa laliwisi ngakhale ankadziwa kuti ndingathe kupita kwa wina.

Umboni woti luso limakula likapatsidwa ulemu uli ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Anthu osema analipo kale m'midzi yozungulira, ndipo manja awo anali omwewo, koma atapeza malo amene ntchito yawo inkayang'anidwa mosamala, kuikidwa poonekera ndi kugulidwa pa mtengo woyenera, achinyamata anayamba kuona kusema ngati ntchito yoti munthu angaiphunzire moyo wake wonse. Amene anafikako akudziwa kuti zosema za kumeneko zimasiyana ndi zongogoba mothamanga zimene timaziona m'mbali mwa msewu. Ndimathokoza ntchito ya wansembeyu, komabe zimandipweteka pang'ono kuti panafunika munthu wochokera kutali kuti atikumbutse mtengo wa zinthu zimene zinali pakhomo pathu.

Ndiye pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi ili. Masamba anu amadzaza ndi andale, milandu ya katangale ndi ngozi za pamsewu, ndipo sindikuti musiye, chifukwa zimenezo n'zofunika kuti tizidziwe. Koma mwana amene amawerenga nyuzipepala yanu sabata ndi sabata akhoza kuganiza kuti m'dziko muno munthu amatchuka pokhapokha akaba, akatukwana mnzake pa msonkhano, kapena akafa. Patulani tsamba limodzi, ngakhale kamodzi pa mwezi, la anthu amene amadziwa ntchito yawo. Tumizani mtolankhani kwa mzamba wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi amene amayi amamutchula ndi chikondi, kwa telala amene msoko wake sumasuka, kwa mlimi wa mpunga wa Kilombero ku Karonga amene mbewu yake sasakaniza, kwa makaniko amene amazindikira vuto la injini pongoimvera, kwa mphunzitsi wa Sitandade 1 amene ana ake onse amatuluka akudziwa kuwerenga ngakhale ali oposa 100 m'kalasi. Ndipo mtolankhaniyo asangojambula chithunzi n'kulemba kuti munthuyu ndi wakhama, pakuti mawu amenewo saphunzitsa kanthu. Akhale naye tsiku lonse, aone zimene manja ake amachita, amufunse zimene analakwitsa poyamba ndi amene anamuphunzitsa, kuti wowerenga wa ku Nsanje kapena ku Chitipa atolepo kanthu kogwiritsa ntchito mawa lake. Alembenso m'Chichewa, chifukwa ambiri mwa akatswiri amenewa ndi amene angawatsanzire sawerenga Chingerezi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti munthu ayamikiridwe m'chilankhulo chimene mayi ake sangamve.

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, ndi makomiti a sukulu nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo siifuna ndalama. Pa msonkhano wa m'mudzi mfumu ikhoza kuimiritsa mlimi amene mizere yake yagwira madzi bwino n'kupempha anthu kuti akaone munda wake. Kwa ife amene timagula ntchito za amisiri, mbali yathu ndi yovutirapo, chifukwa imafuna kuti tilolere kudikira ndi kulipira mtengo woyenera m'malo mothamangira chotchipa n'kumadandaula pambuyo pake kuti amisiri a masiku ano ndi achinyengo.

Mkulu uja sindingathenso kumuthokoza, ndipo dzina lake sindilitchula pano popanda chilolezo cha abale ake. Mwezi wathawu ndinaitana mdzukulu wake wina, amene wayamba kuphunzira ukalipentala, ndinamuimika pa chitseko chija n'kumuonetsa polumikiza pamene agogo ake anamasula chifukwa cha kuwala. Mnyamatayo anayendetsa chala pamenepo kangapo, anafunafuna msomali osaupeza, kenaka anandipempha kuti adzabwerenso ndi kope ndi pensulo kuti adzajambule. Mtolankhani wanu akadzadutsa kuno pa msewu wa M1, adzaime, ndidzamuonetsa chitsekocho.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Mponela, Dowa